Khonde lamatabwa ku Area 47: zolemba za ntchito yolikonza mvula isanagwe

Khonde lake lili kuseri kwa nyumba, loyang'ana kumadzulo, ndiye dzuwa la masana onse limathera pamenepo. M'litali ndi mamita 5.4 kutsata khoma, m'lifupi mamita 3.6, ndipo latalikira mamilimita 600 kuchoka pansi. Pamwamba pali matabwa opondapo 25 a paini, lililonse mamilimita 140 m'lifupi ndi 32 kuchindikala. Matabwawo agona pa mitanda 13 ya thu bai sikisi yotalikirana mamilimita 450. Mitandayo mbali ya kunyumba yakhala pa thabwa lomangidwa kukhoma, pakati ndi kunja yakhala pa mabimu awiri, matabwa akuluakulu onyamula mitanda, ndipo bimu iliyonse ili ndi nsanamira zinayi. Pali masitepe atatu ndi chogwirira mbali ziwiri. Denga la nyumba limangophimba mamilimita 600 oyamba, kwinako n'kwa pamtetete.

Pempho la eni nyumba linali lakuti tipale ndi kupaka vanishi watsopano. Tagwirizana kuti zopakapaka zibwere pomalizira, ndipo ntchito yonse ikhale itatha Okutobala asanafike pakati.

Ogasiti, sabata yoyamba, Lolemba

Lero sitinazule kanthu, tangoyendera. Zida: sikuludiraiva yosongoka, hamala, tochi, levulo, chingwe ndi choko. Thabwa lililonse talipatsa nambala kuyambira kukhoma, 1 mpaka 25, mitanda kuyambira kumpoto, 1 mpaka 13.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Mumabaya thabwa ndi sikuludiraiva, osamenya, kungokankha ndi dzanja. Paini wabwino amakana, nsonga imangosiya kachidindo. Ikalowa kupitirira mamilimita 5, kapena mukatembenuza n'kutuluka tizidutswa tofupikitsa ngati buledi wouma m'malo mwa kachidutswa kotalika, pamenepo pawola. Malo obaya ndi kumapeto kwa matabwa, mozungulira misomali, ndi pomwe thabwa lagona pa mtanda. Pakati pa thabwa nthawi zambiri pamanamiza, pamaoneka bwino ngakhale m'mphepete mutatha.

Pamwamba tapeza matabwa 6 owola. Nambala 4 ndi 5 ali ndendende pomwe madzi a pa malata amagwera, popeza dengali lilibe gatala. Nambala 1 wakhudzana ndi pulasitala, palibe mpata ngakhale wolowetsa pepala. Nambala 12 ndi 13 ali ndi mabwalo akuda pomwe pankakhala miphika ya maluwa yopanda mbale kunsi. Nambala 25 ndi wakunja, wang'ambika kutsata mzere wa misomali.

Mipata ya pakati pa matabwa inali ya mamilimita 4 pomanga, koma lero yambiri yatsekeka ndi fumbi, masamba a mango ndi zinyenyeswa. Dothi limeneli likanyowa mu Disembala siliumanso mpaka Epulo, ndiye thabwa limakhala litavala lamba wonyowa mbali zonse ziwiri kwa miyezi inayi kapena isanu. Tizirombo towoletsa matabwa timafuna chinyezi chokhalitsa. Thabwa lonyowa m'mawa n'kuuma madzulo limatha zaka zambiri. Lomwe chinyezi chake chimakhala pamwamba pa 20 peresenti kwa masabata ndi lomwe lili pa ngozi.

Lachiwiri

Kunsi ndi komwe kuli nkhani, ndipo aliyense amene ali ndi khonde lotere ayenera kulowako ndi tochi kamodzi pachaka, ngakhale mokwawa.

Nsanamira zinayi zapakati zakhala pa konkire ndipo zili bwino. Zinayi zakunja anazikwirira m'dothi atazipaka oyilo wakuda wa galimoto. Ziwiri mwa izo, ya pakona ya kumwera ndi yotsatana nayo, chiswe chazidya. Kunja zikuoneka zathunthu, koma mukagogoda ndi hamala zikulira ngati ng'oma, ndipo titaboola ndi tchizulo m'kati munatuluka dothi lofiira lokhalokha. Mizere ya dothi, yonenepa ngati pensulo, yakwera nsanamira ya pakona n'kufika pa bimu. Titathyola mzere umodzi, chiswe choyera chinatuluka, ndipo pofika madzulo chinali chitamatanso pomwe tinathyolapo. Ndiye kuti n'chamoyo, si mizere yakale.

Chimene chachiitana chaonekanso: kunsi kuli zidutswa za matabwa zomwe omanga anasiya, makatoni, mipini iwiri ya makasu, ndi chitsa cha mtengo chomwe sanazule. Pansi pake m'pokumbika ngati beseni, madzi a mvula amaima. Kumbali ya kumwera wina anatseka ndi njerwa kuti nkhuku zisamalowe, ndipo mphepo siidutsa.

Mitanda 3, 4 ndi 9 yawola kumapeto kwa kukhoma. Wachitatu ndi wachinayi pang'ono, mamilimita ngati 200, koma wa nambala 9 wafewa kupitirira mita. Thabwa la kukhoma lamangidwa ndi misomali ya konkire yokha, popanda bawuti ngakhale imodzi, ndipo lasiyana ndi khoma mamilimita 8 kumbali ya kumpoto. Ichi n'choopsa kuposa zonse zomwe taona, chifukwa khonde likachoka kukhoma limagwa lonse nthawi imodzi. Tamanga chingwe pakhomo lotulukira ndipo tapempha kuti ana asasewerepo mpaka titamaliza.

Mu chogwirira cha kumpoto muli mabowo atatu ozungulira bwino, olowa chala chaching'ono, utuchi uli pansi pake. Amenewo ndi a bemberezi. Sawononga msanga ngati chiswe, koma bowolo limalowetsa madzi. Tidzatseka ndi tizikhomo tamatabwa ndi guluu.

Lachinayi

Takhala pansi ndi eni nyumba. Mayi a pakhomopo anafunsa kuti, "Achimwene, nanga tikangosintha matabwa owolawo n'kupaka vanishi, sizingatheke chaka chino chokha?" Tinawayankha kuti, "Mayi, pamwamba padzawala ndithu, koma miyendo yake ndi imene yadwala. Ndalama ikachepa, tisiye kupakako, tikonze kunsi." Avomera.

Pa za vanishi maganizo athu ndi awa. Vanishi amapanga khungu pamwamba pa thabwa. M'nyumba zimenezo n'zabwino, koma panja thabwa limafufuma nthawi ya dzinja n'kunyala nthawi ya chilimwe, ndipo dzuwa la kuno, pamtunda wa mamita oposa 1,000, limaphwanya khungulo msanga. Likang'ambika madzi amalowa, koma kutuluka amakanika. Zotsatira zake ndi zimene zili pakhondeli: vanishi wosendeka ngati khungu la njoka, kunsi kwake thabwa lakuda. Oyilo wa matabwa a panja amalowa m'kati, sasendeka, ndipo akatha mumangotsuka n'kupakanso popanda kupala. Amafuna kubwereza kawirikawiri, komabe ntchito yake ndi ya tsiku limodzi.

Sabata yachiwiri

Tagula matabwa msanga dala kuti akhale ndi nthawi youma: opondapo 7, limodzi lapadera, thu bai sikisi atatu a mafiti 18, ndi nsanamira zinayi za mamilimita 100 mbali zonse. Onse ndi ophikidwa m'mankhwala a CCA, aja obiriwira.

Pogula pamafunika maso. Pali matabwa olowetsedwa mankhwala ndi mphamvu ya makina m'thanki, ndipo pali ena ongoviikidwa kapena kupakidwa. Kunja onse ndi obiriwira. Pemphani adule kachidutswa kumapeto, muone m'kati. Wophikidwa bwino mtundu umalowa mozama, mwina kungotsala pamtima pa mtengo. Wongoviika amakhala wobiriwira khungu lokha, milimita imodzi kapena awiri, m'kati muli mbee. Ngati pali chidindo, H3 ndi ya matabwa a panja osakhudza dothi, H4 ndi ya okhudza dothi. Tasankhanso opanda mfundo zikuluzikulu m'mphepete, chifukwa mfundo ikagwa imasiya bowo pomwe phazi la mwana lingakole.

Matabwawa abwera onyowa, olemera, ndipo sikuluwu ikalowa madzi akutuluka. Tawasanja pamthunzi, pamwamba pa njerwa, tikumaika timitengo ta mamilimita 25 pakati pa mzere uliwonse, motalikirana mamilimita 600 ndipo timitengoto tili mowongokana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pamwamba taikapo lata ndi mabuloko kuti asapindike. Musawaumike padzuwa: mbali imodzi imauma msanga, thabwa n'kukhota ngati bwato.

Amene alibe kachipangizo koyezera chinyezi angachite chonchi: adule kachidutswa ka mamilimita 300, aziyeza pa sikelo ya kukhitchini masiku atatu aliwonse n'kumalemba. Kulemera kukasiya kutsika, ndiye kuti thabwa lafika pofanana ndi mpweya wa pamalopo. Ife tikuchita zonse ziwiri.

Chenjezo la CCA, ndipo talinena kwa onse a pakhomo pano kuphatikizapo mlonda: zidutswa zake si nkhuni. Muli arsenic, utsi wake ndi phulusa lake ndi poizoni. Osasonkhezera moto, osaotchera nyama kapena chimanga, phulusa osathira ku dimba. Podula tikuvala zotseka kukamwa ndi mphuno, ndipo utuchi tikuusesa tsiku lomwelo.

Sabata yomweyi tachotsa zinyalala zonse kunsi, mawilibala 9, tazula chitsa, tagumula njerwa za kumwera. Pomwe panali njerwapo tidzaika waya wa nkhuku.

Sabata yachitatu, nsanamira

Tikusintha zonse zinayi zakunja, ngakhale ziwiri zikadali zolimba, chifukwa zili m'dothi lomwelo. Tikuchita ziwiriziwiri kuti bimu isakhale lende.

Ndondomeko yake: jeke ya galimoto pa thabwa lochindikala, kukweza bimu mamilimita 10 okha, kuchirikiza ndi mitengo iwiri mbali iyi ndi iyo, kenako kuchotsa jeke. Munthu asalowe kunsi katundu ali pa jeke yokha. Nsanamira yakale taidula n'kukumba chotsalira chonse, osasiya kanthu m'dothi.

Dzenje lililonse ndi mamilimita 400 mbali zonse, kuya 500. Konkire ndi ya ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa kumtsinje, zinayi za kwale. Maenje anayi adya matumba awiri a simenti. Konkire yatuluka mamilimita 100 pamwamba pa dothi, ndipo pamwamba pake taipendeketsa kuti madzi azitsetsereka. M'konkiremo tamizamo nsapato zachitsulo zomwe tawotcheretsa kwa owotcherera: chitsulo chopindidwa ngati U, chochindikala mamilimita 5, pa mwendo wa paipi, chopakidwa penti woletsa dzimbiri kawiri. Nsanamira ikhala m'nsapatomo, mamilimita 75 pamwamba pa konkire, yomangidwa ndi mabawuti awiri a M10, aja onenepa mamilimita 10.

Mpata wa mamilimita 75 umenewu uli ndi ntchito ziwiri. Kunsi kwa nsanamira, komwe kumamwa madzi ngati muli udzu woyamwira, sikukhudzanso chinyezi. Chachiwiri, chiswe chikafuna kukwera chiyenera kumanga mzere wake poyera, pa chitsulo, pomwe munthu wowerama angauone. Nsapato siiletsa chiswe, imangochikakamiza kuonekera.

Konkire tikuithirira m'mawa ndi madzulo, taiphimba ndi matumba onyowa, ndipo sitiikapo katundu mpaka patapita masiku 7. Ndi mphepo ya Ogasitiyi, konkire yosaphimba imauma pamwamba isanakhwime, n'kumafumbutuka.

Mankhwala a chiswe athira ndi odziwa ntchitoyo, okhala ndi mankhwala ovomerezeka ndi a Pesticides Control Board. Akumba kangalande kozungulira konkire iliyonse ndi kutsata khoma, athira monga mwa muyezo wa pa botolo, akwirira. Ana, agalu ndi nkhuku atalikire mpaka pauma. Pakhomo pomwe pali chitsime chapafupi, auzeni othirawo asanayambe.

Seputembala, sabata yoyamba

Nsanamira zonse zinayi zaima. Pomangirira tatsitsa bimu yakunja pang'ono kuti mitanda ipendekere kunja mamilimita 36 pa mamita 3.6, ndiye kuti milimita 10 pa mita iliyonse. Phazi silimva, koma madzi amamva.

Tazula matabwa onse 25, chifukwa misomali yake yachita dzimbiri ndipo yambiri yatukuka mitu. Pozula, ikani kathabwa pansi pa chitsulo chozulira kuti musafinye thabwa lomwe mukufuna kubwezera. Awiri ang'ambika pozula, nambala 8 ndi 19. Wapadera uja walowa pa 8, ndipo 19 tamulumikiza pa mtanda ndi chidutswa chotsala.

Thabwa la kukhoma talichotsa n'kuika latsopano. Tamanga ndi mabawuti a M12 otanuka m'khoma, mamilimita 600 aliwonse, mosinthanitsa wina m'mwamba wina m'munsi. Boolani pakati pa njerwa, osati m'matope olumikizira. Njerwa zootcha za kuno sizifanana kulimba, ndipo pa mabowo 10 awiri anakana kugwira, njerwa inkangofumbutuka. Tasuntha mabowowo n'kutseka akalewo, komanso taonjezera nsanamira ziwiri zazifupi pansi pa thabwalo kuti katundu yense asadalire khoma. Pakati pa thabwa ndi pulasitala taika mawashala okwana mamilimita 10 pa bawuti iliyonse, kuti madzi otsika pakhoma azidutsa. Taonetsetsanso kuti pamwamba pa khonde pali pansi pa khomo la nyumba ndi mamilimita 40, kuti mvula yamphepo isamalowe m'nyumba.

Mtanda 9 tasintha wonse. Wa 3 ndi 4 tadula powola n'kupitirira mamilimita 300 m'thabwa labwino, tagundika chidutswa chatsopano cha mamita 1.2 pambali pake, chokhala pa thabwa la kukhoma, n'kumanga ndi mabawuti anayi a M10 okhala ndi mawashala mbali zonse. Mabawuti asakhale pamzere umodzi, angang'ambe mtanda. Paliponse pomwe sowo kapena chobowolera chadutsa tapakapo mankhwala otetezera matabwa kawiri, chifukwa podulapo m'pomwe chitetezo chimachepa.

Pamwamba pa mtanda uliwonse tayala kalamba ka pulasitiki wakuda wa DPC, yemwe amaikidwa pa fawundeshoni, mamilimita 75 m'lifupi, kolendewera pang'ono mbali zonse. Madzi odutsa m'mipata sakhalanso pa mtanda.

Pansi tathira dothi, tasinja, tapendeketsa kuchoka kukhoma, kenako kwale wochindikala mamilimita 50. Kwale amachepetsa udzu ndi matope othovukira ku mitanda.

Gatala yaikidwa pa denga mbali yonseyi, paipi yake yatsikira ku ngalande ya kumunda.

Sabata yachiwiri, kubwezera matabwa

Kachidutswa koyezera kasiya kupepuka, ndipo chipangizo chikuonetsa 14 peresenti. Matabwa atsopano anyala mamilimita 3 mpaka 4 m'lifupi kuchokera tsiku logula. Akanaikidwa onyowa ndi mpata wokwanira kale, lero mipatayo ikanakhala yomeza chidendene cha nsapato ya amayi.

Tisanabwezere, thabwa lililonse, lakale ndi latsopano, talipaka oyilo kunsi, m'mbali ndi kumapeto. Mwayi umenewu umapezeka kamodzi kokha. Thabwa lopakidwa pamwamba pokha limamwa chinyezi kunsi n'kuuma pamwamba, ndiye m'mphepete mumatukuka, pakati n'kumasunga madzi ngati mbale. Kumapeto tapaka katatu, mpaka kusiya kumwa.

Mpata tsopano ndi mamilimita 6, ndipo kukhoma 10. Poyezera tikugwiritsa ntchito tizidutswa ta pulayiwudi ya mamilimita 6, titatu pa thabwa lililonse. Chifukwa mipata yakula, thabwa lomaliza talicheka m'litali kuti lilowe. Pamatabwa anayi aliwonse tikuyeza mtunda wotsala kumapeto onse awiri, kuopa kufika kunja mzere utakhota.

Misomali taisiya. Talowetsa masikuluwu 650, a mamilimita 5 kunenepa ndi 75 kutalika, awiri pa mtanda uliwonse, mamilimita 20 kuchoka m'mphepete. Ndi okutidwa ndi zinki wochindikala. Mkuwa wa mu CCA umadya chitsulo wamba, ndipo masikuluwu akuda a siling'i kapena owala a mipando amaduka mitu pakapita nyengo zochepa za mvula. Amene angakwanitse a stainless steel agule amenewo, makamaka ngati matabwa ndi a bulugama, omwe akakumana ndi chitsulo ndi madzi amatulutsa mizere yakuda bii. Kumapeto kwa thabwa kuboola kaye ndi kachitsulo ka mamilimita 3.5, apo ayi paini amang'ambika. Mutu wa sikuluwu ungofanana ndi thabwa. Mukaumiza kwambiri mwakumba kachitsime, ndipo pakhonde lino tizitsime totere tingakhale 650.

Masitepe: matabwa a m'mbali anali pa dothi, tawaika pa konkire ndi kachitsulo kowakweza. Kukwera kulikonse ndi mamilimita 150, kofanana, popeza sitepe imodzi yosiyana ndi zinzake ndi imene imagwetsa agogo usiku. Chogwirira tachimanga ndi mabawuti kumitanda, sichikugwederanso, ndipo timitengo take tatalikirana mosapitirira mamilimita 100 kuti mutu wa mwana usalowe.

Sabata yachitatu, kupala ndi kutsuka

Apa pachedwa kuposa momwe tinkaganizira, ndipo chifukwa chake n'choyenera kulemba. Pamwamba pa vanishi wakale panali polishi wa pansi, uja timapaka pa simenti ya pakhonde kuti iziwala. Pa simenti ndi wabwino, koma pa thabwa phula lake limalowa m'ming'alu, limamata sandipepala pakangopita mphindi ziwiri, ndipo oyilo salowa pomwe latsalira. Tayamba ndi kupukuta ndi nsanza ya thapentaini, kukanda ndi chitsulo chopalira, kenako makina a sandipepala.

Sandipepala: ya nambala 60, yokhakhala kwambiri, kuchotsa vanishi, ya nambala 80 kusalaza, basi. Osapitirira 80 kapena 100 pa khonde, chifukwa thabwa losalala kwambiri silimwa oyilo ndipo limaterera likanyowa. Kupala kutsate mizere ya thabwa. Matabwa atsopano tangowadutsa ndi 80 mopepuka. Ngodya zakuthwa tazibuntha pang'ono.

Mawanga akuda ndi a mitundu iwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Obiriwira kapena otuwa, oterera, omwazikana pomwe pali mthunzi, ndi ndere ndi nkhungu: kapu imodzi ya Jik pa makapu anayi a madzi, kusiya mphindi 15 pasanaume, kukwecha ndi bulashi yolimba ya pulasitiki, kutsuka ndi madzi ambiri. Akuda ozungulira mabowo a misomali ndi a chitsulo, Jik sawachotsa. Amenewo amafuna oxalic acid, magalamu 100 pa lita ya madzi ofunda, magolovesi ndi magalasi kumaso. Awiriwa asakumane. Jik akasakanikirana ndi asidi aliyense, ngakhale vinega, amatulutsa mpweya woopsa wa klorini. Ife tatsuka ndi Jik Lachiwiri, tatsukuluza kawiri, asidi tathira Lachinayi. Bulashi ya waya ayi, imasiya tizitsulo tomwe timadzadetsanso thabwa. Maluwa a m'mbali tinawathirira kaye n'kuwaphimba.

Amene akugwiritsa ntchito makina opopera madzi mwamphamvu atalikitse kamwa yake mamilimita 300 ndipo asaime malo amodzi. Paini ndi wofewa, amatukuka ubweya.

Tasiya masiku atatu kuti paume.

Sabata yachinayi, oyilo

Tisanapake tadontheza madzi malo khumi osiyanasiyana. Pomwe dontho lalowa pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri, m'pokonzeka. Malo awiri pafupi ndi khomo dontho linangoima ngati mkanda, phula likadalipo, tapalanso.

Tasankha oyilo wa matabwa a panja wokhala ndi mtundu wofiirira pang'ono. Mtunduwo si wokongoletsa chabe, ndi umene umatchinga dzuwa, ndipo oyilo woyera mbee amalola thabwa kutuwa msanga. Ena amasakaniza okha oyilo wa linseed wowiritsa ndi thapentaini theka ndi theka. Amalowa bwino, koma alibe choletsa nkhungu, ndipo pamthunzi amada m'dzinja. Oyilo wakuda wa galimoto pamalo opondapo ayi ndithu: sauma, amadetsa mapazi ndi zovala, ndipo si wabwino pa khungu la ana okwawa.

Nthawi yopaka mwezi uno ndi yochepa. M'mawa kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 10, dzuwa lisanafike mbali ino. Masana thabwa limatentha moti oyilo amauma pamwamba asanalowe, n'kusiya zonata. Madzulo kumabwera mphepo ya fumbi, nthawi zina kamvuluvulu. Tathirira bwalo lozungulira tisanayambe kuti fumbi ligone.

Kapakidwe: kutakasa chitini mpaka pansi ndi kubwereza pa mphindi 15 zilizonse, apo ayi matabwa omaliza amatuluka akuda kuposa oyamba. Matabwa awiri kapena atatu nthawi imodzi, kuchokera kumapeto mpaka kumapeto osaima pakati, chifukwa poimapo pamasiya mzere. Bulashi yaing'ono ilowe m'mipata. Pakapita mphindi 20 mpaka 30, kupukuta wotsala yense ndi nsanza youma. Oyilo amene thabwa lakana kumwa salowanso.

Ulendo woyamba wadya malita 3, wachiwiri, patapita maola 24, malita 2, kuphatikizapo masitepe ndi chogwirira. Matabwa akale amwa kwambiri kuposa atsopano, ndipo mtundu wasiyana pang'ono. Udzayandikirana pa ulendo wotsatira.

Nsanza za oyilo zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka, makamaka za linseed. Madzulo aliwonse tikuziviika m'ndowa ya madzi panja, kutali ndi nyumba. Zisaponyedwe m'katoni mu sitolo.

Kupondapo ndi mapazi patapita maola 48, mipando patapita masiku 7.

Zomwe tasiyira a pakhomo, zolembedwa papepala lomatidwa kuseri kwa chitseko: kusesa ndi tsache lofewa, makamaka tsopano jakaranda akuyoyoka, chikolopa chikhale chofinya, osathira ndowa ya madzi tsiku lililonse, polishi ayi, miphika ya maluwa ikhale pa timiyendo ndipo izisunthidwa mwezi ndi mwezi, mphasa ndi kapeti zisagone panja m'dzinja, mbaula ikhale pa lata loikidwa pa njerwa, kapena itsike pabwalo, kuchapa kuchitikire kwina, kunsi kusasungidwe nkhuni, makatoni kapena makasu. Mipata azikolokosa ndi kachitsulo kopyapyala kawiri pachaka, mu Okutobala ndi mu Meyi.

Okutobala, itagwa chizimalupsa

Yagwa usiku, ndipo tafika m'mawa pasanaume kuti tione komwe madzi akuima. Pamatabwa ambiri madzi aima timikanda. Gatala yagwira, pa nambala 4 ndi 5 palibenso mzere wa madontho, kungoti polumikizira pamodzi pakudontha, tamata. Kunsi kwale wanyowa koma palibe chithaphwi, ndipo kuseri kwa thabwa la kukhoma madzi akudutsa.

Nambala 17, limodzi mwa akale, likusunga madzi pakati, kachithaphwi kotalika ngati mkono. Linali lokhota kale ndipo kupala sikunalithetse. Likauma tidzalimasula, tilitembenuze, tipale mbali inayo n'kupaka. Masikuluwu 11 atukuka pang'ono pomwe matabwa atsopano apitiriza kunyala, tawamanga.

Zotsala: waya wa nkhuku mbali ya kumwera sunaikidwe. Mu Disembala, ngumbi zikayamba kuuluka, kulowa kunsi ndi tochi kuona nsapato zonse ndi khoma ngati pali mzere wa dothi, ndi kubwerezanso mu Febuluwale. Mu Meyi, mvula ikatha, kudontheza madzi pa matabwa 18 mpaka 25, omwe amapsa kwambiri ndi dzuwa, ndipo ngati dontho likulowa, kutsuka ndi kupaka ulendo umodzi. Oyilo wotsala m'chitini chachiwiri ndi malita awiri ndi theka, tatseka bwino ndipo ali mu sitolo pa shelefu ya m'mwamba.